Kudzimbidwa Pamene Mukumwa Lithium: Musathamangire Mankhwala Otsuka M'mimba

Achimwene anga anayamba kumwa lithium ali ku Joni, atadwala kachiwiri matenda a bipolar, aja amene munthu amatha masabata osagona, akulankhula mosalekeza, ndalama akumwaza, kenako n'kugwa m'chisoni choti ngakhale kudzuka pamphasa kumakanika. Mankhwalawo anawakhazikitsa mtima pansi. Atabwerera kumudzi ndinakhala gadiyani wawo ndine: kusunga kabuku ka kuchipatala, kuwerenga mapiritsi, kuwakumbutsa masiku okaonana ndi adokotala. Zaka zinadutsa ali bwinobwino. Ndiye chimene chinatsala pang'ono kutigwetsera maliro pakhomo sichinali bipolar ayi. Kunali kudzimbidwa.

Anakhala masiku asanu osachita chimbudzi, osauza munthu. Nkhani ya kuchimbudzi munthu wamkulu saitchula wamba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anagula kabotolo ka mankhwala azitsamba "otsuka m'mimba" kwa munthu wina woyenda nawo padepoti, n'kumwa theka lake nthawi imodzi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anatsegula m'mimba usiku wonse ndi tsiku lotsatira, koma mapiritsi awo a usiku sanadumphitse ngakhale kamodzi. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawapeza pakhonde, kapu ya tiyi ikugwedezeka m'manja mpaka kutayikira pathalauzi. Poimirira anadzandira ngati aledzera, chonsecho mowa anasiya kalekale. Lilime linali litalemera. Kuchipatala anatiuza kuti lithium wachuluka m'magazi. Anawaika madiripi, n'kuwagoneka masiku angapo.

Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndikanakonda wina akanatiuza kabotolo kaja kasanagulidwe.

Yambani ndi kumvetsa mankhwala amene mukumwa

Lithium ndi mtundu wa mchere, wachibale wa sodium amene ali mu mchere wothira m'ndiwo. Dokotala wa ku Australia, John Cade, ndi amene anasonyeza mu 1949 kuti amakhazikitsa pansi munthu amene maganizo ake athamanga, ndipo mpaka lero ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri wa bungwe la WHO. Ndi mankhwala abwino zedi. Amachepetsa kubwerera kwa matenda, amachepetsanso chiopsezo choti munthu adziphe.

Vuto lake n'lakuti malire pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza ndi opapatiza. M'magazi amafunika akhale pakati pa 0.6 ndi 1.0 mmol pa lita (muyeso umene achipatala amagwiritsa ntchito poyeza magazi), ndipo madokotala ambiri amakonda 0.6 mpaka 0.8. Akadutsa 1.5 thupi limayamba kusonyeza kuti lalandira poizoni, akadutsa 2.0 moyo uli pachiswe. Okalamba zizindikiro zimatha kuwayamba asanafike n'komwe pamenepo.

Njira yake yotulukira m'thupi ndi impso. Thupi likataya madzi ndi mchere, kaya potsegula m'mimba, posanza, potuluka thukuta kapena potentha thupi ndi malungo, impso zimayamba kuumira sodium kuti asatayike ndi mkodzo. Poumira sodium zimaumiranso lithium, chifukwa siziwasiyanitsa bwino awiriwa. Munthu akumwa mapiritsi omwewo, mlingo womwewo, koma m'magazi akungokwera. Izi ndi zimene zinachitikira achimwene. Choncho lamulo limene likulamulira masitepe onse ali m'munsiwa ndi ili: m'mimba mufewe pang'onopang'ono, musatseguke mwamphamvu.

Chinanso: musasiye lithium chifukwa cha kudzimbidwa, musachepetse nokha, musamadumphitse masiku. Kusiya mwadzidzidzi kumabweza matenda mofulumira, nthawi zina moopsa kuposa poyamba. Nthawi yokhayo yoimitsa piritsi musanaonane ndi dokotala ndiitchula kumapeto.

Sitepe yoyamba: onani ngati nkhaniyi ndi yothetsera pakhomo

Si aliyense amene amapita kuchimbudzi tsiku lililonse. Katatu pa tsiku kapena katatu pa sabata, zonsezi ndi zabwinobwino ngati chimbudzicho chikutuluka chofewa, popanda kutchima. Kudzimbidwa ndi pamene mukupita kosakwana katatu pa sabata, chimbudzi chikutuluka chouma, timibulu ngati ta mbuzi, mukutchima mpaka thukuta, kapena mukutuluka mukumva kuti china chatsalira.

Koma pali zizindikiro zoti mukaziona, za papaya ndi mgaiwa muziike kaye pambali, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Mimba yatupa ndipo yalimba ngati ng'oma. Ululu ndi waukulu, wokupindani. Mukusanza, makamaka zobiriwira kapena zonunkha. Ngakhale mpweya sukutuluka kumbuyo. Zimenezi zikhoza kutanthauza kuti matumbo atsekeka kapena apotana, vuto limene madokotala a opaleshoni kuno kwathu amakumana nalo kawirikawiri, ndipo mankhwala otsegula m'mimba pamenepo amangoonjezera ngozi. Chimbudzi chosakanikirana ndi magazi, chimbudzi chakuda bii pamene simukumwa mapiritsi oonjezera magazi, kuonda popanda chifukwa, kapena kudzimbidwa kongoyamba kumene kwa munthu wopitirira zaka 50, zimenezinso n'zofuna dokotala.

Ndipo ngati pamodzi ndi lithium mukumwanso clozapine, mankhwala ena a matenda a maganizo, musadikire masiku. Clozapine amaziziritsa matumbo mpaka kuima, ndipo anthu amwalirapo ndi kudzimbidwa kwa mtundu umenewu. Uzani achipatala mukangoona kuti m'mimba mwasiya kuyenda monga mwa masiku onse.

Sitepe yachiwiri: funafunani gwero lake

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambiri timadumpha. Kunena zoona, lithium payekha amakonda kutsegula m'mimba kusiyana ndi kumanga. Ndiye munthu wa lithium akadzimbidwa, kawirikawiri pamakhala china chimene chabisala kuseri, ndipo kudzimbidwako ndi mthenga chabe.

Yalani pamphasa kapena patebulo mankhwala onse amene mukumwa, a kuchipatala, a kugolosale, a zitsamba, osasiyako. Odwala bipolar ambiri samwa lithium yekha. Chlorpromazine, olanzapine, quetiapine ndi amitriptyline onsewa amaumitsa m'kamwa ndi kumanga m'mimba. Benzhexol, uja ambiri amamudziwa ndi dzina loti Artane, amene amaperekedwa kuti thupi lisaume ndi mankhwala ena a maganizo, ndiye katswiri pomanga m'mimba. Kuli codeine ndi tramadol opha ululu, kuli mapiritsi oonjezera magazi a ferrous sulphate, kuli mankhwala ena a chimfine ogonetsa tulo. Musasiye aliwonse mwa amenewa panokha. Alembeni papepala, mukawaonetse adokotala. Nthawi zina kungochepetsa Artane, amene mwina anayambidwa zaka zapitazo ndipo palibe anaunikanso ngati akufunikabe, kumathetsa nkhani yonse.

Gwero lachiwiri ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamalamulira liwiro la thupi. Lithium akamwedwa nthawi yaitali amatha kuchifooketsa, makamaka kwa amayi. Chikafooka zonse zimayenda mwaulesi, matumbo omwe. Munthu amatopa popanda ntchito, amamva kuzizira anzake akumva kutentha, amanenepa, khungu limauma, tsitsi limathothoka, nkhope imagwa. Choopsa n'chakuti zizindikirozi zimafanana ndi kukhumudwa kwa bipolar, moti a pabanja amangoti "ayambanso". Magazi okha ndi amene amasiyanitsa: kuyezetsa kotchedwa TSH. Chikapezeka kuti chafooka, mankhwala ake ndi kapiritsi ka levothyroxine kamodzi m'mawa, ndipo kawirikawiri lithium sasiyidwa. Achimwene vuto lawo linadzapezeka kuti linali limeneli. Patapita masabata angapo akumwa kapiritsiko, m'mimba munayamba kuyenda, ndipo juzi imene ankavala ngakhale masana anaivula.

Gwero lachitatu ndi calcium. Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi ting'onoting'ono totchedwa parathyroid, timene lithium amatha kutisokoneza mpaka calcium kuchuluka m'magazi. Calcium akachuluka munthu amadzimbidwa, amamva ludzu, amakodza pafupipafupi, mafupa amaphwanya, ndipo m'impso mumatha kupangika timiyala. Kuyeza kumeneku kumaiwalika kawirikawiri, choncho kupempheni ndi pakamwa panu.

Gwero lachinayi, limene ndi lofala kuposa onse, ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo limeneli likufuna sitepe yakeyake.

Sitepe yachitatu: madzi ndi mchere zikhale pamlingo umodzi

Lithium amachititsa impso za anthu ambiri kulephera kusunga madzi. Munthu amakodza kwambiri, usiku n'kumadzuka katatu kapena kanayi, ludzu osatha. Zimene ambiri amachita n'kuchepetsa kumwa madzi, makamaka madzulo kapena pa ulendo wa basi, kuti asamavutike. Koma impsozo sizisiya kutaya madzi chifukwa choti inu mwasiya kumwa. Thupi likauma, matumbo akuluakulu amayamwa madzi onse a m'chimbudzi, chimbudzicho n'kusanduka mwala, uku lithium akukwera m'magazi.

Chitani chonchi. Pezani botolo lodziwika kukula kwake, la malita awiri, mulidzaze madzi aukhondo m'mawa, ndipo likhale litatha pofika madzulo. Muyambe ndi makapu awiri mukangodzuka, ofunda ngati mungathe, ena onse muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Masiku otentha, masiku olima, kapena ngati ntchito yanu ndi ya kabaza kapena yoyenda padzuwa, onjezerani. Ludzu likabwera musalikanize. Amene adokotala anawaikira malire a madzi chifukwa cha mtima kapena impso, atsatire malire awowo.

Pali malangizo amene amaperekedwa kwa anthu onse akuti mkodzo ukakhala woyera ndiye kuti madzi akukwana. Kwa munthu wa lithium muyeso umenewu ukhoza kunamiza, chifukwa impso zimene zikutaya madzi zimatulutsa mkodzo woyera mbee ngakhale thupi litauma. Yang'anani zina: m'kamwa mouma, chizungulire poimirira, kufooka. Ngati mukukayika, sonkhanitsani mkodzo wa tsiku lathunthu, usana ndi usiku, m'chigubu chodziwika kukula kwake. Ukapitirira malita atatu kauzeni adokotala. Akhoza kusintha kamwedwe kuti muzimwa kamodzi usiku, kapena kutsitsa mlingo pang'ono magazi akawalola.

Ludzulo muzilithetsa ndi madzi. Zakumwa zotsekemera zimangonenepetsa, pamene mankhwalawa amanenepetsa kale, ndipo mowa umaumitsa thupi. Tiyi ndi khofi imwani monga mumamwera masiku onse. Ena amati khofi wowawa amatsegula m'mimba, n'kuyamba kumwa makapu anayi pa tsiku. Caffeine amene ali mu khofi ndi tiyi amafulumizitsa kutuluka kwa lithium, ndiye mukachulukitsa mwadzidzidzi lithium amatsika, mukasiya mwadzidzidzi amakwera.

Mchere nawo chimodzimodzi. Musauchepetse mwadzidzidzi chifukwa mwamva pawailesi kuti umakweza BP, musauchulukitsenso. Dzanja lothira mchere m'ndiwo likhale lomwelo. Ngati pakufunikadi kuchepetsa, zichitike adokotala akudziwa, magazi akuyezedwa.

Ndinenepo za kusala kudya, ndi ulemu wonse. Kusala kosamwa madzi, kaya ndi mapemphero a kuphiri a masiku atatu kaya ndi Ramadan m'nyengo yotentha, n'koopsa kwa munthu wa lithium. Kambiranani ndi adokotala komanso abusa kapena a shehe musanayambe. Chisilamu chimapereka chilolezo kwa wodwala, ndipo m'busa womvetsa zinthu sangakuumirizeni kuika moyo pachiswe.

Sitepe yachinayi: sinthani mbale, koma osati tsiku limodzi

Chimene chimafewetsa chimbudzi ndi zotsalira za chakudya zimene thupi siligaya, zimene achipatala amati faiba. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 pa tsiku. Sikelo simukuifuna, ingoyang'anani mbale yanu.

Nsima ya ufa woyera ndi yokoma, koma pokonola ndi kuviika chimanga gaga yense amapita ku nkhuku. Mgaiwa umasunga zonse. Ngati pakhomo sanauzolowere, yambani ndi kusakaniza, mbale imodzi ya mgaiwa pa mbale ziwiri za ufa woyera, kenako theka ndi theka. M'mawa phala la mgaiwa lotsira nsinjiro liposa tiyi wa buledi woyera kapena mandasi. Mbatata yophika ndi makoko ake, maungu, chimanga chachiwisi, zonsezi n'zothandiza. Nyemba, nandolo, khobwe kapena nzama zipezeke katatu kapena kanayi pa sabata. Masamba asasowe pa nsima iliyonse, ndipo asakhale a kulawa chabe: nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, mpiru, chilichonse chimene nyengo yapereka.

Pa zipatso, papaya wakupsa ndiye ndimamudalira kwambiri, chibenthu chachikulu m'mawa uliwonse. Mango, mapeyala, malalanje odya ndi nsanza zake m'malo mongofinya madzi, ndi malambe, kaya oviika kaya othira m'phala. Amene muli ku Britain kapena ku South Africa, phala la oats, buledi wa bulawuni ndi maprune angapo pa tsiku zimagwira ntchito yomweyo.

Therere ndi labwino kwambiri, kuterera kwakeko kumathandiza. Koma pali nkhani ya soda. Soda wophikira ndi sodium bicarbonate, ndipo akachuluka amathamangitsa lithium m'thupi mpaka mlingo kutsika, matenda n'kupeza mpata. Kotsina ndi zala ka mumphika wa banja lonse si kodetsa nkhawa, bola kasamachuluke. Choletsedwa ndi kusungunula soda m'madzi n'kumwa kuti mugeye, kapena kuzolowera Eno ndi Andrews tsiku ndi tsiku, chifukwa muli sodium bicarbonate yemweyo.

Zonsezi muzilowetse m'kati mwa masabata awiri. Mukaunjika nyemba, mgaiwa ndi malambe tsiku limodzi, mimba idzangodzaza mpweya, mudzapotokola, n'kugwa ulesi. Ndipo faiba wopanda madzi amamanga kuposa poyamba, choncho botolo lija lisachoke pafupi.

Sitepe yachisanu: patsani matumbo nthawi yake

Matumbo amadzuka munthu akangodya, makamaka m'mawa. Pakatha mphindi 20 kapena 30 mutadya kadzutsa, pitani kuchimbudzi ngakhale musanamve kufuna, tsiku lililonse nthawi yomweyo. Khalani mphindi zisanu, zikachuluka khumi. Zikakanika dzukani, mudzayesenso mukadya masana. Musatchime mwamphamvu, kutchima ndi kumene kumabweretsa matenda a mudzi ndi ming'alu yotuluka magazi, ndipo munthu akayamba kuopa ululu amayambanso kusunga chimbudzi.

Chimbudzi chokumba chili ndi ubwino wake, chifukwa kunyonyomala kumaongola njira. Ngati chanu ndi chokhalira, ikani njerwa ziwiri kapena kampando pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno, muweramire kutsogolo, zigongono pamawondo. Mukamva kufuna masana, pitani pomwepo. Alendo adikire.

Yendani mphindi 30 pa tsiku, m'mawa kapena dzuwa litapepa. Ndikudziwa kuti masiku a kukhumudwa ngakhale kufika pachipata ndi phiri. Masiku amenewo gadiyani asamangoti "kayendeni", koma anene kuti "tiyeni mundiperekeze kumsika". Usiku pogona mukhoza kusisita pamimba ndi chikhatho mozungulira, kuyambira kumunsi kudzanja lamanja, kukwera, kudutsa pansi pa nthiti, n'kutsikira kumanzere, chifukwa ndi mmene matumbo akuluakulu anayalidwira.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: zikakanika, sankhani mankhwala ofatsa

Pakadutsa masiku atatu osachita chimbudzi, kapena mwayesa zonsezi kwa sabata popanda kusintha, mankhwala akufunika, ndipo palibe chochititsa manyazi. Pitani kuchipatala kapena kufamase yeniyeni, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale akuti, "Ndimamwa lithium."

Lactulose ndi madzi otsekemera amene amakokera madzi m'chimbudzi kuti chifewe. Akuluakulu amayamba ndi 15 ml kawiri pa tsiku, amene ndi masupuni atatu a tiyi nthawi iliyonse. Amatenga mpaka masiku awiri kuti agwire ntchito. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa: amwa m'mawa, madzulo aona kuti palibe chachitika, n'kuwirikiza mlingo, mawa lake m'mimba n'kutseguka ngati mpopi. Dikirani. Macrogol, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Movicol, ndi ufa wosungunula m'madzi ndipo naye ndi wofatsa.

Ngati chimbudzi chafewa koma sichikutsika, pali senna kapena bisacodyl, amene amagwedeza matumbo. Yambani ndi piritsi limodzi pogona, senna wa 7.5 mg kapena bisacodyl wa 5 mg, ndipo zotsatira muziyembekezere m'mawa, pakatha maola 6 mpaka 12. Akhale a masiku owerengeka, osati a usiku uliwonse popanda dokotala kudziwa. Ngati chimbudzi chafika pakhomo koma chauma, chothandiza ndi kapiritsi ka glycerine kolowetsa kumbuyo. Kamagwira ntchito m'mphindi 15 mpaka 30 ndipo sikakhudza thupi lonse.

Ufa wa ispaghula, monga Fybogel, umatha kuchepetsa kulowa kwa lithium m'magazi. Ngati akupatsani, musaumwere limodzi ndi lithium, pazidutsa maola angapo, muzimwera madzi ambiri, ndipo amene amakuyezani magazi adziwe. A clozapine ufa umenewu si wawo.

Tsopano zimene simuyenera kuyandikira. Mafuta a nsatsi. Epsom salts ndi mankhwala ena a magnesium, amene amatsegula mwamphamvu komanso amaunjikana m'thupi ngati impso zafooka. Madzi owawa a alovera. Matiyi ochepetsa thupi. Kudzipopa madzi a sopo kumbuyo. Ndi mabotolo onse opanda mlingo wodziwika amene amagulitsidwa m'misika, m'mabasi ndi pa WhatsApp ndi lonjezo lotsuka m'mimba, kutsuka magazi ndi kuchotsa zoipa m'thupi. Sindikunyoza zitsamba, makolo athu zinawathandiza m'zambiri. Koma wogulitsayo sadziwa kuti mukumwa lithium, ndipo mphamvu ya botolo la lero si ya botolo la mawa.

Mimba ikamapweteka chifukwa cha kudzimbidwa, dzanja limathamangira Brufen, Indocid kapena diclofenac. Onsewa amatsekereza lithium m'impso n'kumukweza m'magazi. Wopha ululu wanu ndi Panado. Mankhwala ena a BP, monga HCT, enalapril, captopril ndi losartan, amachitanso chimodzimodzi, choncho aliyense wokulemberani mankhwala, ngakhale wa mano, adziwe za lithium.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: m'mimba mukatseguka mopitirira

Zikhoza kuchitika ngakhale mwasamala. Mukapita kuchimbudzi cha madzi katatu kapena kuposa pa tsiku, siyani pomwepo mankhwala ofewetsa aja, yambani kumwa Thanzi ORS, ndipo lankhulani ndi achipatala tsiku lomwelo, piritsi la usiku lisanakwane nthawi, kuti akuuzeni ngati mumwe kapena mudikire. Chenjeraninso ndi chimbudzi cha madzi chongodontha mwa munthu amene wakhala masiku ambiri wodzimbidwa. Kawirikawiri chimakhala chikudutsa m'mbali mwa chouma chimene chatseka njira, ndipo mankhwala oletsa kutsegula m'mimba pamenepo amaononga zinthu.

Zizindikiro za lithium wochuluka aliyense pakhomo azidziwe, ana akuluakulu omwe, chifukwa wodwalayo mutu ukasokonezeka sangadzizindikire. Kunjenjemera pang'ono kwa zala ambiri a lithium amakhala nako. Koma manja akayamba kugwedezeka moti kapu ikutayika, munthu akudzandira, lilime lalemera, maso akuona mwachimbuuzi, minofu ikudumphadumpha, akusanza, akungosinza kapena akuyankha zosagwirizana, imeneyo ndi nthawi ija ndinanena. Piritsi lotsatira asamwe. Ngati akutha kumeza mpatseni madzi, tengani mapaketi onse a mankhwala, ndipo pitani kuchipatala chachikulu chimene chili pafupi osadikira kuti kuche. Pofika nenani momveka kuti amamwa lithium, watsegula m'mimba masiku akutiakuti, ndipo piritsi lomaliza anamwa nthawi yakuti. Anthu akhoza kumuyesa woledzera kapena kuganiza kuti matenda a maganizo abwerera. Inu amene mukumudziwa limbikirani.

Tsiku la kuchipatala

Si chipatala chilichonse chimene chimayeza lithium m'magazi, n'chifukwa chake odwala bipolar ambiri kwathu kuno amapatsidwa sodium valproate kapena carbamazepine. Ngati inu muli pa lithium, funsani kumene munayambira mankhwala, kaya ndi ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ku Chainama Hills ku Lusaka kapena kwa dokotala wapulayiveti, kuti magazi anu aziyezedwa kuti komanso liti. Mlingo ukakhazikika, lithium amayezedwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo impso, chithokomiro ndi calcium miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Magazi a lithium amatengedwa patatha maola 12 chimwereni piritsi lomaliza. Mukamwa 8 koloko usiku, atengedwe 8 koloko m'mawa, ndipo ngati muli ndi piritsi la m'mawa mulimwe akatha kutenga magaziwo. Manambala ake alembedwe m'kabuku kanu. Amene muli ku Britain muli ndi kabuku kapepo ka lithium, kaziyenda nanu.

M'chipinda cha adokotala nthawi imakhala yochepa, ndipo amafunsa za tulo, za maganizo, za kudya. Za kuchimbudzi mwina safunsa. Yambitsani ndinu: "Adokotala, m'mimba simukuyenda bwino. Sabata ino ndapita kawiri kokha, chouma. Ndikukodza kanayi usiku. Ndikupempha mundiyeze chithokomiro ndi calcium, muonenso mankhwala enawa." Amayi oyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati anene zimenezo poyamba penipeni, chifukwa mimba payokha imadzimbitsa, mapiritsi a kusikelo amaonjezera, ndipo lithium pa nthawi imeneyo amafuna diso lapafupi.

Kwa agadiyani anzanga, funso limeneli ndi lolemera kufunsa munthu amene mumamupatsa ulemu. Ine sindikanatha kuwafunsa achimwene m'mawa uliwonse pamaso pa alamu ndi ana. Ndiye tinapachika kalendala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo, ndi pensulo yomangirira ulusi. Tsiku limene apita kuchimbudzi amachonga okha. Ine ndikamadutsa ndimangosuzumira. Ndikaona mabokosi awiri otsatizana opanda chizindikiro, ndimapita kukathyola papaya, ndimadzaza botolo, ndipo tikakhala awiriwiri pakhonde ndimafunsa chapansipansi kuti, "Achimwene, m'mimbamo muli bwanji?"